Galimoto Yopanda Woyendetsa ndi Liu Lakuti "If"

 Phunziro lathu la lero ndi la Cingerezi, ndipo likhudza liu limodzi lalifupi, la zilembo ziwiri zokha, liu lakuti "if". Liu limeneli ndilo limatsegula ziganizo zonena za cinthu cimene kucitika kwake kudalira pa cinthu cina. Ngakhale lili laling'ono motero, lapunthwitsa ana ambiri, kotero kuti ena amafika ku sekondale akali kulemba kuti "If I will pass", osadziwa kuti pamenepo alakwa. Mwana wotere amataya mamalikisi pa mayeso, ndipo akadzakula amabvutika kumva bwino malangizo a pa botolo la mankhwala kapena mau a m'kalata ya pangano la nchito, pakuti zolembedwa zotere zimadzala ndi "if". Tsono lero tiona m'mene tingaphunzitsire ziganizo zimenezi pokambirana ndi ana nkhani imene amaikonda, nkhani ya maroboti ndi magalimoto oyenda okha.

Poyamba tikumbutsane kuti ana athu safika m'kalasi cimanjamanja. Kunyumba anamva kale akulu akunena kuti mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako, ndiponso kuti ukapanda mano usamaswa phale. Mwana aliyense wolankhula Cinyanja amamva kusiyana kwa ziganizo zitatu izi: ndikapeza ndalama ndidzagula njinga, nditapeza ndalama ndingagule njinga, ndikadapeza ndalama ndikadagula njinga. Woyamba ali ndi ciyembekezo, waciwiri angolakalaka, wacitatu adandaula za mwai umene unapita kale. Ife timasonyeza kusiyana kumeneku ndi timau ting'onoting'ono timene timalowa m'kati mwa mneni, timau takuti ka, ta ndi kada. Angerezi amakusonyeza posintha nthawi ya mneni. Nzeru yake mwana ali nayo kale, ndipo nchito ya mphunzitsi ndi kumuonetsa kumene nzeruyo imakhala m'ciganizo ca Cingerezi.

Tiyambe ndi roboti. Mwana wa mu Lusaka, Ndola kapena Kitwe akamva liu limeneli amaganiza za nyali zija zofiira, zacikasu ndi zobiriwira zimene zimaima pa mphambano za miseu, cifukwa kuno kummwera kwa Africa ndimo timazichulira. Kumaiko ena roboti ndi makina ogwira nchito imene ikadagwiridwa ndi munthu. Liuli linachuka cifukwa ca sewero lochedwa R.U.R. limene Karel Čapek, mlembi wa ku Czechoslovakia, analemba mu 1920. Linacokera ku liu la cinenero cao lakuti "robota", ndiko kunena nchito yokakamizidwa, yonga cibalo cimene makolo athu anacidziwa m'nthawi ya atsamunda. Mu 1961 roboti yochedwa Unimate inayamba nchito m'fakitale ya General Motors ku New Jersey m'dziko la America. Inali dzanja lalikulu lacitsulo lonyamula zitsulo zamoto zimene zikadaocha anchito. Ndipo mu 2013, kwa anansi athu ku Kinshasa, mai wina katswiri wa zamakina, Thérèse Izay, pamodzi ndi anzake anaimika pa mseu maroboti aatali a maonekedwe a munthu, oyendera mphamvu ya dzuwa, amene amakweza manja kuimitsa magalimoto kuti anthu aoloke. Kumeneko matanthauzo awiri aja a liuli anakumana.

Nyali za pa mphambano zitipatsa mtundu woyamba wa ziganizo zathu, umene unena za zinthu zocitika nthawi zonse. Lembani pa bolodi kuti:

If the light is red, cars stop.
If the light is green, cars go.

Onetsani ana kuti ciganizo ciri conse ciri ndi zigawo ziwiri, cigawo ca "if" ndi cigawo ca zotsatira, ndi kuti aneni onse awiri ali m'nthawi ya tsopano. M'Cinyanja tingati nyali ikafiira magalimoto amaima. Kau kakuti "ma" m'mneni "amaima" ndiko kasonyeza kuti ili ndi lamulo la masiku onse. Onetsaninso kuti cigawo ca "if" cikakhala patsogolo timaika mpatuliro pakati, koma cikabwera pambuyo, monga mu "Cars stop if the light is red", mpatuliro sufunika.

Tsopano tifike pa galimoto yoyenda yokha. Galimoto yotere imakhala ndi makamera oona mbali zonse, ndi rada yotumiza mafunde a wailesi, ndipo yambiri imakhalanso ndi cipangizo cochedwa lidar cimene cimaponya timiyuni ta kuwala ndi kuyesa nthawi imene kuwalako kutenga kuti kubwerere. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, motero muyeso umenewu umacitika msanga koposa kuphethira kwa diso. Zonsezi zimapita ku kompyuta imene ili ndi mapu a miseu, ndipo kompyutayo ndiyo imatembenuza ciongolero ndi kugwira mabuleki. Akatswiri salemba lamulo liri lonse ndi dzanja. Zambiri makinawo amaziphunzira poonetsedwa zitsanzo zosawerengeka za pa mseu. Komabe zimene makinawo amacita tingazifotokoze bwino lomwe ndi ziganizo za mtundu woyamba uja:

If the light comes back quickly, the thing is near.
If the road is clear, the car moves.
If the battery is flat, the robot does not work.

Magalimoto amenewa sanabadwe tsiku limodzi. Mu 2004 bungwe la boma la America lochedwa DARPA linakonza mpikisano m'cipululu ca Mojave, pa mtunda wa makilomita oposa 200. Palibe galimoto ndi imodzi yomwe imene inafika kumapeto, ndipo imene inayesetsa koposa inalephera isanakwanitse makilomita 12. Caka cotsatira, mu 2005, mpikisano unacitikanso, ndipo magalimoto asanu anamaliza ulendo wa makilomita 212. Yopambana inali Stanley, ya ku Stanford University, imene inayenda maora osakwana asanu ndi awiri. Mu 2009 kampani ya Google inayamba nchito yake pa magalimoto otere, nchito imene mu 2016 inapatsidwa dzina lakuti Waymo, ndipo mu 2020 anthu wamba a m'dera la mzinda wa Phoenix ku Arizona analoledwa kuitana galimoto pa foni ndi kukwera popanda munthu pa mpando wa woyendetsa.

Kwa munthu wa ku Phoenix, tsono, kukwera galimoto yotere ndi cinthu cotheka mawa lomwe. Apa ndi pamene tipeza mtundu waciwiri, wonena za cinthu ca m'tsogolo cimene tikhulupirira kuti cingacitikedi:

If you call the car, it will come.
If a child runs into the road, the car will stop.

Cigawo ca "if" ciri m'nthawi ya tsopano, ndipo "will" ali m'cigawo ca zotsatira cokha. Pano ndi pamene ana ambiri amagwa, ndipo cifukwa cake cili m'cinenero cathu comwe. Ife tikhoza kunena kuti ngati udzabwera mawa ndidzakupatsa buku, ndipo palibe colakwa. Mwana amatenga "dza" woyamba uja namsandutsa "will", motero alemba "If you will come tomorrow". Mankhwala ake ndi awa: muuzeni mwanayo anene ciganizoco ndi "ka". Adzati ukabwera mawa ndidzakupatsa buku. Kenaka mfunseni awerenge kuti "dza" alimo kangati. Adzapeza kuti alimo kamodzi, kumapeto, ndipo "will" nayenso ayenera kukhala kamodzi, pa malo omwewo.

Pali msampha wina umene "ka" amatichera. M'Cinyanja kau kameneka kamagwira nchito ziwiri. Timati dzuwa likalowa, ngakhale tidziwa kuti dzuwa silidzalephera kulowa. Timatinso tayala likaphulika, pamene kuphulikako sikudziwika. Cingerezi cimalekanitsa ziwirizi. Cinthu cosakayikitsa cimatenga "when", cokayikitsa cimatenga "if". Lembani ziganizo izi moyandikana kuti ana aziyerekeze:

When the sun sets, the car will switch on its lights.
If a tyre bursts, the car will stop.

Mwana akalemba kuti "If I grow up", mfunseni mokoma ngati akayika kuti adzakula. Adzaseka, ndipo sadzaiwalanso.

Tiyeni tsopano tibwerere kwathu kuno. Taganizani za mseu waukulu wa Great East Road, wocokera ku Lusaka, wodutsa pa mlatho wa Luangwa, ku Nyimba, ku Petauke ndi ku Katete mpaka ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 500. Mwana wokhala m'mbali mwa mseu umenewu sayembekeza kuona galimoto yopanda woyendetsa mawa. Akhoza kungoiganizira m'mutu. Maganizo otere ali ndi mtundu wao wa ziganizo, mtundu wacitatu:

If a car without a driver came to our village, the children would run after it.
If I had a robot, it would fetch water for my mother.

M'Cinyanja tingati galimoto yotere itafika pamudzi pathu, ana angaithamangire. Onani kuti Cingerezi cagwiritsa nchito "came" ndi "had", aneni a nthawi yakale, ngakhale sitikamba za dzulo. Mneni wabwerera m'mbuyo pofuna kusonyeza kuti cinthuco cili kutali ndi zoona. M'cigawo ca zotsatira "will" wasanduka "would". Phunzitsaninso kuti m'Cingerezi colembedwa bwino timati "If I were a robot", ndi "were", ngakhale wolankhulayo ali mmodzi.

Aphunzitsi, mfundo imene ndifuna muigwiritse koposa zonse ndi iyi. Kusankha pakati pa mtundu waciwiri ndi wacitatu kumaulula zimene wolankhula akhulupirira. Mwana wa ku Phoenix anganene kuti "If I see a car without a driver, I will wave." Mwana wa ku Katete anganene kuti "If I saw a car without a driver, I would wave." Onse awiri akhoza, pakuti yense wanena monga mwa kumene ali. Ici ndico cifukwa cake nkhani ya makina amenewa ithandiza pa phunziro lino: cinthu comweco ndi ca masiku onse kwina, ndi coyembekezeka kwina, ndipo kwina ndi congolota. Cotero musafulumire kucongera mwana ndi inki yofiira musanamfunse ngati aganiza kuti cinthuco cidzacitikadi. Yankho lake ndilo lidzakuuzani ngati afunika "will" kapena "would".

Pamene ana agwira mtundu wacitatu, atsegulireni mkangano. Afunseni zimene galimoto yotere ingakumane nazo pa miseu yathu, ndipo adzakuuzani zambiri kuposa zimene mungalembe nokha: ngolo ya ng'ombe yopanda nyali, mbuzi zogona pa tala, njinga yosenza matumba a makala, maenje, fumbi, ndi mizera yoyera imene inafafanizika kale. Akumbutseni za nthambi zaziwisi zimene timaika pa mseu kusonyeza maliro kapena lole yoonongeka patsogolo. Woyendetsa aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake, amacepetsa liwiro. Nanga makina opangidwa kutsidya kwa nyanja? Lembani funso pa bolodi:

If the car saw green branches on the road, would it slow down?

Lolani ana ayankhe, yense ndi ciganizo cathunthu. Wina adzati "It would slow down if we taught it." Mwana ameneyo wakhoza galamala, ndipo wanenanso coonadi ca makinawo, pakuti amadziwa zokhazo zimene anaonetsedwa.

Mkangano umenewu uli ndi mbali ina yolemera. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa caka ndi caka pa ngozi za pa mseu pa dziko lonse lapansi. Makina samwa mowa ndipo saodzera, motero mwana wina angati "If machines drove our buses, fewer people would die." Koma m'kalasi mwanu mungakhalenso mwana wa woyendetsa minibasi kapena lole, ndipo iye angati "If buses had no drivers, my father would lose his job." Mantha ake si acabe. Ku migodi ya citsulo ya ku Pilbara m'dziko la Australia, kampani ya Rio Tinto inayamba mu 2008 kugwiritsa nchito malole akuluakulu onyamula miyala popanda oyendetsa, ndipo ana a ku Copperbelt ndi ku Solwezi ali ndi cifukwa cofunsira za zimenezi. Mphunzitsi asagamule mlandu umenewu. Nchito yake ndi kuona kuti mbali zonse ziwiri zamveka, ndi kuti aneni aima pa malo ao. Mwana amene anena za nchito ya atate wake amasamala mau ake koposa amene angodzaza mipata m'buku.

Mtundu wacinai ndi wa zinthu zimene zinapita kale ndipo sizingabwezedwe, uja umene ife timaunena ndi "kada" kapena "kana". Usiku wa pa 18 March 2018, mu mzinda wa Tempe ku Arizona, galimoto yoyenda yokha imene kampani ya Uber inali kuyesa inagunda ndi kupha mai wina amene anali kuoloka mseu akukankha njinga. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi za pa maulendo linapeza kuti makinawo anazindikira kuti patsogolo pali cinthu masekondi oposa asanu ngozi isanacitike, koma analephera kudziwa kuti ndi munthu woyenda pansi. Linapezanso kuti mai amene anaikidwa pa mpando wa woyendetsa kuti ayang'anire mseu anali kuyang'ana pa foni yake. Ziganizo zake ndi izi:

If the driver had watched the road, she would have seen the woman.
If the machine had known that it was a person, it might have stopped in time.

Cigawo ca "if" cimatenga "had" ndi mneni wa maonekedwe acitatu, monga "watched", "known" kapena "seen". Cigawo ca zotsatira cimatenga "would have", kapena "might have" ngati tikayika. Cenjezani ana kuti asaike "would" m'zigawo zonse ziwiri. M'Cinyanja timabwereza "kada" kawiri, akadayang'ana akadamuona, ndipo mwana amafuna kubwerezanso "would have" kawiri. Cingerezi colembedwa bwino sicilola zimenezo. Kuti phunziro lisathere pa cisoni, bwererani ku mpikisano wa m'cipululu uja ndi kulemba kuti "If there had been no second race, Stanley would not have won." Mtundu wacinaiwu ngwobvuta, motero usungireni ana a magiredi apamwamba, ndipo musauyambe mitundu inayo isanakhazikike.

Mwina ena mwa inu muti sukulu yathu ilibe kompyuta, ilibe magetsi, ndipo mabuku sakwanira. Phunziro ili lifuna coko, bolodi ndi bwalo basi. Tulutsani ana panja, jambulani mseu pa dothi ndi kamtengo, ndipo ikani miyala ndi nthambi monga zopinga. Mwana mmodzi akhale roboti, wina akhale wopereka malamulo, nanene kuti "If I clap once, walk. If I clap twice, stop. If you see a stone, turn left." Roboti icite zokhazo zimene yauzidwa. Wopereka malamulo akaiwala kuchula nthambi, roboti iziponde, ndipo kalasi lonse lidzaona ndi maso ao cifukwa cake lamulo liyenera kunenedwa bwino.

Sewero lina ndi la unyolo, loyenera kalasi la ana ambiri. Woyamba ati "If I had a robot, it would fetch water." Waciwiri atenge mapeto a mnzake nawasandutse ciyambi: "If it fetched water, I would have time to read." Wacitatu apitirize: "If I had time to read, I would pass my test." Poyenda motere mwana yense akakamizika kusintha "would fetch" kukhala "fetched", ndipo kusintha kumeneko ndiko mtima wa phunziro. Wina akalakwa musamdule pakamwa. Mlekeni amalize, kenaka bwerezani ciganizo cake m'njira yoyenera ndi kumuuza acinenenso. Phunzitsani mtundu umodzi pa nthawi imodzi, pakuti kuthamanga sikufika.

Tsopano ndilankhule ndi inu ana. Tengani makope anu ndi mapensulo, ndipo mulembe ziyambi zinai izi, zimene mudzamaliza nokha:

If the light is red,
If it rains tomorrow,
If I had a robot,
If I had woken up early this morning,

Pa ciganizo ciri conse yambani mwadzifunsa m'Cinyanja: kodi ici cimacitika masiku onse, kodi ndiciyembekeza, kodi ndingocilakalaka, kapena cinapita kale? Mukayankha funso limenelo, mneni woyenera sadzakubvutani. Mukamaliza, muwerengere mnzanu wokhala naye pafupi, ndipo iye akuuzeni m'Cinyanja zimene wamva. Ngati wamva zimene munafuna kunena, ndiye kuti mwakhoza. Mukafika kunyumba funsani agogo kapena makolo anu mwambi umodzi woyamba ndi "uka", monga uja wa mano ndi phale, ndipo mawa mubwere nao kwa aphunzitsi anu kuti muyese pamodzi kuunena m'Cingerezi ndi "if".

Aphunzitsi, sonkhanitsani ziganizo zabwino zimene ana alemba, muzipacike pa khoma la kalasi kuti aziziona masiku onse.